Kaderno ya Mastura

Nampula, 14 Marso 2023

Achemwali a Tausi,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi achimwene a Shafii ndi onse a kugombe. Ine kuno ndikudya, ndikugona, koma mtima suli m'malo.

Kalatayi ndapatsira a Vitorino, ogula nsomba aja, chifukwa foni yanditopetsa. Inu kuti mundiimbire mpaka mukwere pachulu cha kuseri kwa mzikiti, ndipo mawu amangodukaduka. Lamulungu lija munapereka foni kwa Mastura ndinamuitana katatu. Ndinati, "Mastura, ndine amayi ako." Chimene ndinamva ndi kupuma kwake basi. Mwana wa zaka zisanu osayankha mayi ake? Ndinamusiya ali ndi zaka zitatu akulongolola ngati wailesi. Chachitika n'chiyani?

Panyumba pamene ndikugwira ntchito pano, Dona Luisa ali ndi mwana wa zaka zinayi, dzina lake Efraimu. Amapita ku eskolinya, sukulu ya tiana ija. Amawerenga manambala m'Chipwitikizi mpaka vinte, makumi awiri, ndipo zilembo amaziimba ndikamamusambitsa. Ine ndimamupaka sopo uku mtima uli ku Chiuta. Mwana wa eni ndikumulera bwino chonchi, wanga kaya akutani.

Mu Outubro chaka chino ndi nthawi ya matrikula, Mastura ayenera kulembetsa kalasi yoyamba. Sindifuna akakhale wosekedwa. M'phukusimu muli kaderno, kope lolembamo la mapepala makumi anayi, malapisi awiri ndi pepala limene ndalembapo zilembo zonse. M'mawa uliwonse mumukhazike pamphasa, alembe tsamba limodzi asanapite kosewera. Masamba onse ndawaika manambala pakona, kuti ndikadzabwera ndidzaone pamene wafika.

Mundiyankhe pa ulendo wa a Vitorino womwewu, chonde.

Mng'ono wanu,
Rashida

*

Kugombe kwa Chiuta, 2 Abril 2023

Rashida mng'ono wanga,

Walaikumu salamu. Tonse tili bwino, Alihamudulila. Phukusi linafika, ngakhale kuti kaderno yako inafika ikununkha mlamba chifukwa a Vitorino anaikhalira ulendo wonse.

Iwe sunasinthe. Uli wamng'ono unkavundukula mphika kasanu mpunga usanapse, lero ukufuna kuvundukula mwana. Mastura ali bwino, wanenepa, ndipo dzino lakutsogolo layamba kugwedera.

Madzi chaka chino adzaza mpaka pa mtengo wa mkuyu uja, ndipo nsomba zilipo. Ngalawa za achimwene ako zikafika, Mastura ndiye amayamba kuthamangira kugombe. Timakhala naye pathandala n'kumasankha, makumba uku, matemba uku, milamba payokha. Poyamba ankangosakaniza, koma pano wandiposa. Dzana anatulutsa kansomba kamodzi pamulu wa makumba n'kukaika pambali, ati mimba yake njofiira, si mnzawo. Nditayang'ana, chinalidi chilunguni. Milu yogulitsa amaunjika yekha, zisanuzisanu, ndipo sungamubere ngakhale imodzi.

Masana timapeta mpunga. Ndinamupezera kalichero kakang'ono, amatola timiyala n'kumatindandalika pansi kuyambira kakang'ono mpaka kakakulu. Kudimba amadziwa mbewu iliyonse ndi masamba ake isanabereke. Madzulo tikamachokera kumadzi amandifunsa mafunso mpaka mutu kuwawa. Dzulo ankafuna kudziwa chifukwa chake ngalawa yaikulu siimira pamene mwala waung'ono umamira. Ndinamuuza kuti akafunse amalume ake, iwonso anangokanda mutu.

Za foni usadandaule nazo. Ana ena amaopa mawu otuluka m'kabokosi.

A Mwajuma oyandikana nafe aja abereka mapasa. Mbuzi yako yaikazi ija inadya kapulana yanga, chitenje chatsopano chija, ndiye udziwe kuti mlandu ukukudikira kuno.

Mkulu wako,
Tausi

*

Nampula, 20 Abril 2023

A Tausi,

Moni. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndawerenga.

Tembenuzani maso muone pakona ya pepala limene munandilembera. Pali nambala 10, yolemba ine ndi dzanja langa. Kaderno ndinagulira mwana, inu mukuithothola n'kumalembapo za mbuzi ndi mapasa a eni. Pa kalata yonse ija palibe mzere ndi umodzi womwe wonena kuti Mastura walemba chilembo. Zomwe ndamva ndi makumba, matemba, lichero, dimba, kumadzi. Kodi ndinakusiyirani mwana kapena wantchito?

Mwaiwala chimene chinandichotsa ine pasukulu? Ndi thandala lomwelo. Ankati Rashida ali ndi manja ofulumira, lero asapite, nsomba zachuluka. Lero linasanduka sabata, sabata linasanduka chaka, ndipo ndinathera kalasi yachitatu. Taonani pano ndikuchapa zovala za anthu. Inunso mukumuyamikira Mastura kuti wakuposani kusankha nsomba. Ndikudziwa kumene mawu amenewo amathera.

Ndipo musandinamize za kabokosi. Mwana wa Dona Luisa amalanda foni n'kuyankhula ndi agogo ake ku Beira mpaka batire kutha.

Ndayankhula ndi Dona Luisa. Avomera kuti Mastura azigona nane m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini, ndipo adzandithandiza kumulembetsa sukulu konkuno. Mu Outubro ndikubwera kudzamutenga. Mupeze sedula yake, chikalata chakubadwa chija, muisunge pabwino.

Mwina simungamvetse chimene ndikumva. Inu simunaberekepo, simudziwa mmene mimba imapotera mwana wako akamatsalira.

Rashida

*

Nampula, 25 Junyu 2023

Achemwali,

Asalamu alaikumu. Miyezi iwiri yatha. A Vitorino abwera katatu, ndipo katatu konse andigwedezera mutu. Ndikawafunsa amangoti onse ali bwino, mwana anamuona akusewera. Foni yanu sikulowa. Kodi mwadwala? Kodi mwana wadwala ndipo mukundibisira?

Dzulo ndinapsereza malaya a bwana ndi feru yositira chifukwa chosowa maganizo. Ndikamva galimoto yaima pageti ndimathamangira panja ngati wamisala. Ngati mwakwiya, ndilembereni zonditukwana, ndiwerenga. Koma musangokhala chete chonchi.

Rashida

*

Kugombe kwa Chiuta, 9 Julyu 2023

Chemwali Rashida,

Walaikumu salamu. Ndine Shafii. Usaseke zilembo zanga, sukulu yanga ndi ya ku Nayuchi ija ya nthawi yothawa nkhondo, ndipo manja anazolowera nkhafi.

Palibe wadwala. Tausi sakufuna kukulembera. Kalata yako ija anaiwerenga kamodzi, anaipinda, n'kupita kudimba osadya. Mzere womalizawo unakanika kuumeza? Mawu ngati amenewo munthu amauza mdani wake. Mkulu wako mimba zitatu zinamuchoka, ukwati unamuthera pa chifukwa chomwecho, ndipo iwe unalipo.

Tsopano ndikuuze zimene iye anakubisira, ndipo pobisapo analakwa. Mwana wako ali ndi chibwibwi. Chinayamba patapita miyezi ingapo iwe utachoka. Mawu amamukakamira pakhosi, makamaka munthu akamuyang'ana m'maso n'kumudikira kuti ayankhe. Foni ndiye imamuumitsiratu. Tausi anapita naye kuchipatala ku Insaca. Anamwino anati makutu ndi lilime zili bwino, chachikulu tisamuthamangitse, tisamumalizire mawu. Iwe sanakuuze poopa kuti usiya ntchito n'kubwera ukulira njira yonse.

Kaderno yako anaiyesa, usaganize kuti anaitaya. Masiku asanu ndi anayi, masamba asanu ndi anayi. Ankamukhazika pamphasa monga unanenera, n'kumati, "Nena A." Mwana ankangoti a-a-a mpaka misozi. Tsiku lachisanu ndi chinayi tinamusowa m'mawa wonse. Tinamupeza pansi pa ngalawa yovundikira, atakumbatira maondo. Sabata imeneyo sanayankhule ndi munthu aliyense, ngakhale kupempha madzi.

Chimene chinamutsegula ndinachiona ndi maso anga. Ndinkasoka ukonde pansi pa mkuyu, iye atakhala pambali panga atagwira mpukutu wa ulusi. Ine posoka ndimawerenga maso a ukonde moimba kuti ndisasokonezeke, limodzi, awiri, atatu, mfundo. Ndinangomva kamawu kakulowerera. Sindinacheuke, ndinapitiriza. Tinafika makumi atatu osaphunthwa ndi pamodzi pomwe. Kenako anandiuza kuti ndadumpha diso limodzi, ndipo ndinalidumphadi.

Kuyambira tsiku limenelo tinadziwa mankhwala ake. Mwana uyu manja akakhala pa ntchito, pakamwa pamatseguka. Ntchito zimene ukuti tikumuzunza nazo sazigwira mpaka kutopa, akafuna kusewera amapita. Zako zija za thandala ndikuzikumbuka, ndipo ine ndinali mmodzi wa okuuza kuti usapite kusukulu. Pamenepo ndilibe mawu. Koma uyu sitidzamujombetsa, ndalumbira.

Monga mwini mbumba ndikanatha kukukaniza. Sindikukaniza. Mwana ndi wako, bwera udzamuone ndi maso ako. Koma kalata ya kwa mkulu wako uyambe ndiwe.

Shafii

*

Kugombe kwa Chiuta, 27 Agosto 2023

Rashida,

Walaikumu salamu. Kalata yako yopepesa ndinalandira. Ndamva. Sindinama kuti zonse zatha mumtima, koma ndamva.

Sedula ndaipeza, ili m'chitini cha singano. Zovala ndiziyamba kuchapa mwezi wa mawa. Popeza ukumutenga, pali zinthu zoti udziwe, kuti musakavutane.

Ukafuna kumufunsa kanthu, usaime patsogolo pake. Khala pambali, umupatse chogwira, kaya nyemba zosankha, kaya anyezi osenda, ndipo nawenso uzigwira zako. Akakakamira pa mawu, meza malovu udikire. Ukamumalizira amatseka pakamwa tsiku lonse. Nyimbo sizimuvuta ayi. Mtondo ukamalira amaimba mpaka a Mwajuma kudandaula kuti akudzutsa mapasa.

Zilembo akuzidziwa zingapo, koma osati za papepala lako lija. Ukudziwa kuti matumba a nsomba opita ku Entre Lagos timawalemba ndi khala kuti asasokonezeke m'shapa, minibasi ija. Iye anayamba kufunsa kuti ichi n'cha yani. Pano akudziwa T wanga, S wa amalume ake, V wa a Vitorino ndi M wa a Mwajuma. Tsiku limene anazindikira kuti M yemweyo ndi wakenso anakangana ndi a Mwajuma, ati amubera chizindikiro. Matumba anga onse amalemba ndi iye tsopano. Mukafika ku Nampula uzimuonetsa zolemba za pamatumba a shuga ndi pamashopu, azikufunsa yekha.

Za tsamba la nambala 10 lija, analithothola ndi iye mwini. Anandibweretsera n'kunena kuti ndilembere amayi a ku Nampula. Ndinakondwa, ndinkayesa chikondi. Kenako anandifunsa kuti masamba onse akatha ndiye kuti kaderno yathanso? Mwana wako ndi wochenjera ngati mayi ake.

Sadya therere. Amaopa abakha. Akapsa mtima amangokhala chete, usamumenye, amabwerera yekha.

Ine usandiganizire. Ndinakhalapo ndekha kale iye asanabwere, ndizolowera. Ungondiuza tsiku, kuti ndimuluke tsitsi.

Tausi

*

Nampula, 30 Outubro 2023

Achimwene a Shafii,

Asalamu alaikumu. Ndafika bwino. Ndinakusowani kumudzi, anati mwapita kukapha nsomba ku Chilwa masabata atatu. Ndikulemberani ndekha chifukwa a Tausi ndikuwadziwa, adzangokuuzani kuti zinayenda bwino, basi.

Tsiku loyamba ndinalakwitsa zonse zimene munandiletsa. Nditatsika panjinga ndinamugwira mapewa, ndinamuyang'ana m'maso, ndinati, "Ukundidziwa? Ndine ndani?" Milomo inayamba kunjenjemera. Anati, "A-a-a," ndipo ine ndinamumalizira, "Amayi!" Anandipulumuka n'kukabisala kumbuyo kwa a Tausi. Achimwene, ndinamva nsanje yoti sindinaimvepo chibadwire.

Tsiku lachiwiri sanandiyankhule. Ndinamupatsa diresi ndi nsapato za ku Nampula, analandira ndi manja awiri n'kukaziika m'nyumba.

Tsiku lachitatu a Tausi anati mpunga watha, tisinje. Anandipatsa munsi, anapatsa Mastura kamunsi kake, iwo n'kupita kumadzi. Ndikuganiza kuti anachita dala. Tinayamba kusinja, ine osamuyang'ana. Patapita nthawi ndinangomva, "Mukumenya m'mphepete, mpunga ukutayika. Menyani pakati." Mawu onse osaduka. Ndinati, "Chabwino, mayi," n'kuyamba kumenya pakati. Kenako zinangotuluka. Anandiuza za bakha amene anamuthamangitsa, za mapasa, za diso la ukonde limene munadumpha. Anandifunsa ngati ku Nampula kuli mtondo. Ndinati kulibe, mpunga timagula wa m'thumba. Anafunsa ngati kuli thandala, ndinati kulibe. Ndiye anati, "Nanga ine ndizikatani?"

Ndinayamba kuganiza za kuno ku Nampula. Kwa Dona Luisa mwana wa wantchito sakhudza kanthu. M'khitchini salowa, pabalaza sakhala. Akanamachoka kusukulu n'kukhala m'kachipinda kaja manja ali pamiyendo, kudikira kuti ine ndimalize kusambitsa Efraimu. Ndipo alendo akabwera akanamamuimika pakati n'kumati, tanena dzina lako, tawerenga manambala mpaka dez.

Komabe Lachisanu m'mawa tinanyamuka. A Tausi anali atamuluka tsitsi bwinobwino, zovala zili mujumbo, sedula ili m'manja mwanga. Anatiperekeza mpaka kumsewu. Mukudziwa kuti shapa imaima pafupi ndi sukulu. Pansi pa mango paja anali ataika tebulo, a purofesora, aphunzitsi a pasukulupo, akulemba matrikula, azimayi ali pamzere ndi ana awo. Shapa inachedwa. Ndinayang'ana msewu, ndinayang'ana mzere, ndinayang'ananso msewu. Kenako miyendo inangondipititsa pamzere. A Tausi anati, "Iwe, shapa siimira uko." Ndinati ndikudziwa.

Titafika patebulo, a purofesora anawerama n'kufunsa, "Dzina lako ndani, mwanawe?" Mastura anauma. Kumbuyo kwathu anthu anayamba kung'ung'udza. Ine dzina linali litafika kale pamilomo, koma a Tausi anandiponda chala. Anamasula mfundo ya pakona ya kapulana, anatulutsa mtedza wosasenda, n'kumuika m'manja ngati palibe chikuchitika. Mastura anaswa umodzi. Anaswa wachiwiri. Ali chiyang'anire mtedzawo anati, "Ma-Ma-Mastura Bwanausi." A purofesora anati, "Muito bem, wachita bwino," n'kulemba. Anafunsa zaka, iye anati zisanu, Dezembro zikwana zisanu ndi chimodzi. Kenako analoza m'bukumo n'kunena kuti uyo ndi M wake.

Ndiye a purofesora anatembenukira kwa ife. Anati akufuna dzina la enkaregadu, munthu amene amayang'anira maphunziro a mwana, amene sukulu izimuitana pakakhala nkhani. Ndinati, "Lembani Tausi Bwanausi."

A Tausi anati, "Ayi, a purofesora, mayi ake ndi awa."

Ndinati, "Amene anabereka ndine, zili pasedulapo. Inu mwafunsa amene amamuphunzitsa. Lembani momwe ndanenera."

Analemba. A Tausi anasaina, T wawo anatuluka wokhota, ndipo Mastura anawauza kuti wapindika.

Nthawi yomweyo shapa inafika ikuliza hutala. Ndinali ndi mawu ambiri oti ndiwauze achemwali, koma ndinangokwanitsa kuwapatsa sedula. Mukabwerako muwauze kuti mzere womaliza wa kalata yanga uja ndikanatha kuudya ndikanaudya. Ndipo inu musunge lumbiro lanu. Nsomba zichuluke bwanji, sukulu ikatsegulidwa mu Fevereiro mwanayo azipita kusukulu tsiku lililonse, za thandala azichita akaweruka.

Ndinakhala pawindo. Ndinawaona akubwerera kumudzi, jumbo ya zovala ili pamutu pa Mastura. Sanacheuke, achimwene. Anali kalikiliki kufotokozera a Tausi zinazake, manja akuswa mtedza. Ndinkaona pakamwa pakuyenda, koma injini inali italira kale, ndipo sindinamve kanthu.

Mlongo wanu,
Rashida